Maola asanu ndi atatu ku Jinjiang: mmene mungagwiritsire ntchito nthawi yodikira ndege

Amene amapita ku China kukaoda katundu kapena kukaphunzira amaidziwa njira: kunyamuka ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kusintha ndege ku Addis Ababa, n'kukatera ku Guangzhou thupi lonse litaphwanya. Koma ulendo wa ambiri suthera pa Guangzhou. Mukafuna kupitirira kumpoto kapena kum'mawa, tikiti yotsika mtengo nthawi zambiri imakhala ija yokutsitsani kaye pa bwalo la ndege la mzinda umene simunaumvepo, ndege yotsatira n'kumanyamuka pakatha maola 7 kapena 8. Ambiri amangokhala pampando tsiku lonse, maso ali pa chikwangwani cha maulendo, msana ukuwawa. Ine ndinachitapo zimenezo, ndipo tsiku limenelo limandipwetekabe mtima. Ulendo wachiwiri nditalimba mtima n'kutuluka, ndinapeza kuti kuseri kwa mpanda wa bwalo lomwelo kuli zinthu zimene anthu ena amalipira ndalama zambiri kuti adzazione.

Chitsanzo changa ndi Jinjiang, m'chigawo cha Fujian, kugombe la kum'mwera chakum'mawa kwa China. Bwalo lake limatchedwa Quanzhou Jinjiang International Airport, chifukwa limatumikiranso mzinda wakale wa Quanzhou umene uli kutsidya la mtsinje. Mawu akuti "mzinda waung'ono" tiwamve mwa Chitchaina: ku Jinjiang kuli anthu oposa 2 miliyoni, kuposa Lilongwe. Chimene chimauchepetsa n'chakuti bwalo lake la ndege lili m'kati mwenimweni mwa tauni, ndipo ubwino wonse wagona pamenepo. Ku Guangzhou kapena ku Shanghai ola lathunthu limathera panjira musanaone chilichonse. Kuno mukatuluka pakhomo ndiye kuti mwafika kale.

Gawo loyamba: tsimikizani kuti malamulo akukulolani kutuluka

Apa musachite zongoganizira. Ngati munalowa kale m'China ndi viza, munadinditsa pasipoti ku Guangzhou, ndipo ndege zonse ziwiri ndi za m'dziko momwemo, palibe chokuletsani. Mumatuluka ngati mmene munthu amatulukira m'depoti ya basi. Ambiri a ife timakhala m'gulu limeneli.

Nkhani imasintha ngati mukuchokera kunja kwa China ndipo mukungodutsa kupita dziko lina mulibe viza. Pali lamulo lolola munthu kudutsa kwa maola osapitirira 24 popanda viza, koma kuti mutuluke m'bwalo la ndege pamafunika chilolezo chapadera chochokera kwa akuluakulu oona za anthu olowa ndi kutuluka, ndipo iwo ali ndi mphamvu yovomera kapena kukana. Mwina munamvanso za chilolezo cha maola 240 chimene chinayamba mu December 2024. Chimenecho n'cha nzika za mayiko osankhidwa okha. Britain ili pa mndandandawo, koma Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa palibe. Choncho m'bale wanu wa pasipoti ya Britain akakuuzani kuti iye anangotuluka popanda vuto, musatengere zake. Malamulowa amasinthasintha, ndiye funsani ku ofesi ya kazembe wa China musananyamuke.

Chenjeraninso ndi viza yolowera kamodzi. Mukapita ku Hong Kong kapena ku Macau ndiye kuti mwatuluka, ndipo viza yoteroyo yatha ntchito.

Gawo lachiwiri: konzani foni muli kwanu

Gawo ili limachitika masiku angapo ulendo usanayambe, ndipo ndi limene limagamula ngati mudzatuluke kapena mudzakhale pampando uja. Munthu wopanda foni yogwira ntchito m'China ali ngati wopanda miyendo.

Yambani ndi zolipirira. Anthu a ku China analeka kale kuyenda ndi ndalama m'thumba. Kuyambira woyendetsa takisi mpaka mayi wogulitsa zipatso pangodya, onse ali ndi kachikwangwani ka QR, ndipo amalandira ndalama kudzera pa Alipay kapena WeChat Pay. Kuyambira 2023 njira ziwirizi zimalola mlendo kulumikiza khadi lake la Visa kapena Mastercard. Mukalipira ndalama zosapitirira 200 yuan (yuan ndi ndalama ya ku China) sadula kanthu, zikapitirira amadula 3 peresenti. Ikani Alipay pa foni, jambulani pasipoti, lumikizani khadi, zonsezi muli pakhomo panu, chifukwa amatumiza nambala yotsimikizira pa SMS, ndipo kunja uthenga umenewo utha osafika. Dutsaninso kubanki kwanu mukawauze kuti mukupita ku China, ndi kufunsa malire a ndalama zimene khadi lingatulutse kunja. Tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira masiku ano. Ine khadi langa linakanapo ndili pamzere wa chakudya, anthu akudikira kumbuyo kwanga. Chinandipulumutsa ndi ndalama zamapepala zimene ndinali nazo m'thumba la malaya.

N'chifukwa chake ndikuti musayende opanda yuan yogwirika m'manja. Sungani 300 kapena 400 yuan, yambiri ikhale ya 10 ndi 20. Malamulo salola wogulitsa kukana ndalama zamapepala, koma wamalonda wamng'ono mukamupatsa 100 yuan chenje chimamusowa. Musinthiretu madola anu pa bwalo lalikulu limene mwaloweramo. Kwacha kumeneko sasintha, ndipo pa mabwalo ang'onoang'ono malo osinthira ndalama satsegula nthawi zonse.

Kenako intaneti. WhatsApp, Facebook, Gmail ndi zonse za Google sizigwira pa intaneti ya m'China. Zimagwira ngati mukugwiritsa ntchito laini ya kwanu pa roaming, kapena eSIM (laini yongoika m'foni popanda kakhadi) yogula kunja kwa China. Roaming imadya ndalama ngati moto wolusa, choncho ngati foni yanu imalandira eSIM, gulani ya masiku ochepa. Wi-Fi ya pa bwalo ilipo, koma kawirikawiri imafuna nambala ya foni yoti itumizeko uthenga, ndipo ikatha pakhomo inunso mwathera pomwepo.

Mapu a Google m'China amasocheretsa: kadontho kanu kamaoneka kutali ndi pamene mwaima. Ikani Amap, imene eni ake amaitcha Gaode. Ngati muli ndi iPhone, mapu ake omwewo amagwira bwino. Ikaninso pulogalamu yomasulira zinenero ndipo Chitchaina muchitsitsiretu m'foni kuti izimasulira ngakhale popanda intaneti.

Chomaliza m'gawoli ndi chaching'ono koma chofunika kuposa zonse. Lembani dzina la bwalo la ndege m'zilembo za Chitchaina, mulijambule pa foni, mulilembenso papepala. La ku Jinjiang ndi 泉州晋江国际机场. Batire likakutherani muli m'tauni, kapepala kameneko ndi kamene kakubwezereni ku ndege yanu.

Gawo lachitatu: werengani nthawi moona mtima

Maola olembedwa pa tikiti si anu onse. Tiyerekeze kuti mwatera 10 koloko m'mawa ndipo munyamuka 6 koloko madzulo. Pa pepala ndi maola 8. Chotsanipo mphindi 45 zotsika m'ndege, kudikira katundu ndi kumusungitsa. Chotsanipo maola awiri a kumapeto, chifukwa 4 koloko muyenera kukhala mutaima pakhomo la bwalo. Chotsaninso ulendo wopita ndi wobwerera, mwina ola limodzi ndi theka mukaphatikiza kudikira galimoto. Chotsala ndi maola osakwana anayi. Amenewo ndiwo anu.

Lamulo limene ndimatsata ndi ili. Kudikira kukakhala kosakwana maola 4, sindituluka. Kukakhala maola 4 mpaka 6, ndimapita pafupi, malo oti ndikhoza kubwerera m'mphindi 15. Kuyambira maola 7 m'pamene ndimawoloka mtsinje kupita ku Quanzhou. Ngati ndege yotsatira ndi yopita kunja kwa dziko, onjezani ola lina kumapeto.

Kumbukirani kuti China yonse imayendera nthawi imodzi, ya Beijing, imene ili patsogolo ndi maola 6 poyerekeza ndi ya ku Malawi. Onetsetsani kuti foni yasintha yokha, ndipo tcherani alamu ya nthawi yobwerera musanatuluke pakhomo. Thupi limakhala likuyenderabe nthawi ya kwanu, ndipo tulo ta masana a tsiku loyamba timagwira munthu mosachenjeza.

Yang'ananinso kalendala ndi kumwamba. Pa sabata yoyamba ya October, komanso pa nyengo ya chaka chatsopano cha Atchaina, dziko lonse limakhala paulendo, misewu ndi mizere imatalika. Kuyambira July mpaka September gombe la Fujian limakanthidwa ndi anamondwe ochokera kunyanja. Mukaona kuti ndege zambiri pa chikwangwani zalembedwa zofiira, musapite kutali, chifukwa nthawi ya ndege yanu itha kusinthidwa.

Gawo lachinayi: tulani katundu

Musanakwere ndege yoyamba, funsani pa kauntala ngati masutikesi apitirire okha mpaka kumapeto kwa ulendo. Pa maulendo a m'China muno nthawi zambiri sapitirira, makamaka ngati matikiti munagula padera. Akati mukawatenge, atengeni, kenako pitani pa kauntala ya kampani ya ndege yotsatira mukafunse ngati angawalandiriretu. Akakana chifukwa nthawi sinakwane, funani malo osungitsa katundu. Chikwangwani chake ndi 行李寄存, amati xingli jicun. Mumalipira malinga ndi kukula kwa chikwama ndi maola ake. Funsani nthawi imene amatseka, ndipo risiti muijambule pa foni.

Safunsa anadya phula. Pa kauntala pomwepo funsaninso ngati kampaniyo imapereka chipinda kapena chakudya kwa odikira nthawi yaitali. Makampani ena a ndege a ku China amatero pa matikiti ena, koma sakuuzani mukapanda kufunsa.

Pasipoti, boarding pass, ndalama, foni ndi power bank zikhale pathupi panu. Mlendo m'China amayenera kuyenda ndi pasipoti nthawi zonse, ndipo m'malo ena oonetsa zinthu zakale amaifuna pakhomo. Tengani paketi ya tishu, chifukwa m'zimbudzi zambiri za m'tauni mulibe mapepala.

Gawo lachisanu: kwerani galimoto yoyenera

Mukangotuluka mupeza anthu akukukodolani kuti akunyamuleni. Apitirireni mwaulemu. Pitani pamzere wa matakisi ovomerezeka, kapena itanani galimoto pa DiDi, imene imapezekanso m'kati mwa Alipay ndipo ili ndi Chingerezi. Ubwino wa DiDi ndi wakuti mumalemba kumene mukupita, mtengo umaonekeratu, ndipo simufunika kulankhula. Dalaivala akafika amafunsa manambala anayi omaliza a foni yanu, ndiye muwalembe pa foni mungomuonetsa. Mu takisi wamba onetsetsani kuti mita yayatsidwa, ndipo potsika pemphani risiti, amati fapiao. Mukaiwala chikwama m'galimoto, risitiyo ndi imene ikupezereni dalaivala.

Ku Jinjiang ndi ku Quanzhou kulibe sitima yapansi panthaka. Mabasi alipo ndipo ndi otchipa kwambiri, koma kwa munthu wowerenga mphindi amene sawerenga Chitchaina, kupulumutsa 30 yuan sikulingana ndi kusochera.

Powoloka msewu iwalani chizolowezi cha kwathu. Magalimoto amayenda mbali ya kumanja, ndiye yambani kuyang'ana kumanzere. Zoopsa kwambiri ndi njinga zamoto zoyendera magetsi. Sizilira, zimadutsa ngakhale m'njira ya oyenda pansi, mumangomva mphepo yakupitani pamkono.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: sankhani malo amodzi

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Munthu akaona mndandanda wa malo khumi pa foni amafuna onse, n'kuthera tsiku lonse m'galimoto, mtima uli m'mwamba. Sankhani dera limodzi, muliyende wapansi, mukhale pansi, mudye.

Ngati nthawi ndi yochepa, pitani ku Wudianshi. Ndi dera lakale la Jinjiang, mphindi zowerengeka kuchokera pa bwalo la ndege. Dzinali limatanthauza msika wa masitolo asanu, chifukwa mbiri yake imati tauniyi inayambira pa timalo tisanu togulitsa chakudya kwa apaulendo m'nthawi ya ufumu wa Tang. Nyumba zake ndi za njerwa zofiira zosakaniza ndi miyala yoyera, ndipo nsonga za madenga zimapindikira m'mwamba n'kugawikana pawiri ngati mchira wa namzeze. Muli nyumba zokumbukira makolo a mabanja a Cai ndi Zhuang, mmene mayina a mibadwo amasungidwa ndipo lubani amafukizidwa mpaka lero. Mulinso nyumba zosanja zimene anamanga ana a m'derali atapita kukasaka chuma kunja, makamaka ku Philippines, n'kumatumiza ndalama kumudzi. Amene anakulira m'mudzi mmene nyumba ya malata yoyamba inamangidwa ndi munthu wobwera ku Joni sadzafunika womufotokozera nyumba zimenezi. Maola awiri akukwanirani, ndipo ndege mumaziona zikutsika pamwamba pa madenga, zimene zimakhazika mtima pansi.

Jinjiang yamakono ndi tauni ya nsapato. Kampani ya Anta inabadwira kuno, ndipo tauni ya Chendai yadzaza mafakitale a nsapato zamasewero. Wamalonda aliyense mtima umamudumpha akamva zimenezi, koma ndikukupemphani kuti musayese kuoda katundu pa tsiku lodikira ndege. Kukambirana mtengo, kuona sampulo ndi kugwirizana za katumizidwe sizitheka m'maola atatu, ndipo malonda a phuma amathera kulira. Ngati mwaona chokusangalatsani, tengani WeChat ya wogulitsa (ndiyo WhatsApp ya kumeneko), mudzabwere ulendo wakewake.

Ngati muli ndi maola 7 kapena kuposerapo, pitani ku Quanzhou. Ndi ulendo wa theka la ola kapena kupitirirapo pang'ono, malinga ndi kuchuluka kwa magalimoto. Uzani dalaivala akutsitseni pafupi ndi Xi Jie, kutanthauza msewu wa kumadzulo.

Mzinda umenewu ndi woyenera kuudziwa musanaupondemo. Zaka 700 zapitazo linali limodzi mwa madoko akuluakulu pa dziko lonse. Aluya ankalitcha Zaitun. Marco Polo, mlendo wa ku Venice, ananyamukira pano pobwerera kwawo, ndipo Ibn Battuta, mlendo wa ku Morocco amene anafikanso ku Mombasa ndi ku Kilwa mu 1331, atafika kuno m'zaka za m'ma 1340 anachita kakasi ndi kuchuluka kwa zombo. Mbale zadothi za ku China zimene akatswiri anafukula ku Kilwa ndi ku Great Zimbabwe zinayenda pa njira za panyanja zimene madoko ngati ili ankadyetsa. Choncho inu amene mukukaoda katundu lero si oyamba kulumikiza mbali ziwirizi. Mu 2021 bungwe la UNESCO linaika Quanzhou pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse.

Yambirani ku kachisi wa Kaiyuan, amene ali pa Xi Jie pomwepo. Anamukhazikitsa mu 686. Musanalowe n'komwe muona nsanja ziwiri zamiyala, ina kum'mawa ina kumadzulo, iliyonse yotalika mamita oposa 40. Zinamangidwa m'zaka za m'ma 1200 ndipo zapirira zivomezi ndi anamondwe mpaka lero. Yandikirani muone zithunzi zosemedwa pa miyala yake. Mukazungulira kuseri kwa nyumba yaikulu yopemphereramo, yang'anani zipilala ziwiri zamiyala zokhala ndi zithunzi za milungu ya Chihindu. Zinachokera ku kachisi wa amalonda a ku India amene ankakhala mumzindawu. M'bwalo lomwelo muli nyumba yosungiramo chombo chamatabwa cha m'zaka za m'ma 1200, chimene anachifukula m'matope a pagombe mu 1974 chili ndi mitengo yonunkhira imene chinanyamula kuchokera kum'mwera. Ine pamenepo ndinaima nthawi yaitali. Dziwani kuti nyumba zambiri zoonetsa zinthu zakale m'China zimatseka Lolemba.

Anthu amapemphera m'kachisiyu, si malo ongoonera. Tsitsani mawu, musaime kutsogolo kwa munthu wogwada, ndipo pakhomo dumphani thabwa la pansi lija, musaliponde.

Kuchokera apo yendani wapansi kulowera kum'mwera chakum'mawa mpaka pa msewu wa Tumen. Kumeneko kuli mzikiti wa Qingjing, womangidwa mu 1009, umodzi mwa mizikiti yakale kwambiri m'China. Chipata chake chachitali chamiyala chikadalipo, ndipo m'makoma muli malemba a Chiarabu. Denga la holo yakale linagwa kalekale, zatsala ndi zipilala zili njo pa udzu. Mukayenda masitepe ochepa mupeza kachisi wa Guandi, utsi wa lubani uli tolo, amalonda akupempha mwayi pa bizinesi zawo. Mzikiti ndi kachisi akhala moyandikana chonchi kwa zaka mazana ambiri. Pa kachisi wa Kaiyuan, Xi Jie ndi msewu wa Tumen maola anu atha, ndipo muwalole athere pamenepo. Mlatho wa Anping, wamiyala, wotalika makilomita awiri, womangidwa kuyambira 1138, uli mbali ina ku Anhai. Usiyireni ulendo wina.

Mwina anthu azikuyang'anani, ana azikulozani, wina apempha kujambula nanu. M'mizinda yotereyi munthu wakuda saonekaoneka. Nthawi zambiri ndi chidwi chabe. Mukafuna vomerani, mukapanda kufuna pukusani mutu mukumwetulira, n'kupitiriza ulendo. "Ni hao" ndi "xiexie", moni ndi zikomo, zimatsegula nkhope zambiri, ngakhale kuti pakati pawo anthu a kuno amalankhula Hokkien.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: idyani kunja, osati pa bwalo

Chakudya cha pa bwalo la ndege n'chodula ndipo n'chimodzimodzi kulikonse. M'tauni lowani pamene pali mzere wa eni dera, ndipo sankhani chimene chikuphikidwa inu mukuona. Lozani ndi chala, palibe amene akudabweni.

Chakudya chodziwika cha ku Quanzhou ndi mianxian hu, msuzi wolemerera wa noodles zopyapyala ngati ulusi, zofewa mpaka kukhala ngati phala. Mumasankha zoikamo, n'kumasunsamo mtanda wautali wokazinga wotchedwa youtiao. Kwa mimba yotopa ndi ulendo palibe choposa chimenechi. Palinso msuzi wa nyama ya ng'ombe, ndi bakha wophikidwa ndi jinja mu mphika wadothi. Tusun dong ndi chakudya chozizira chonjenjemera chopangidwa ndi nyongolotsi za m'matope a m'nyanja. Eni ake amachikonda kwambiri, koma pa tsiku loti mukwera ndege si nzeru kuyesa mimba ndi zachilendo zozizira.

Ngati simudya nkhumba, samalani, chifukwa imalowa m'zakudya zambiri, ngakhale mu msuzi ndi m'mafuta. Mpunga wokulunga m'masamba wotchedwa rouzong uli ndi nkhumba m'kati. Funani chikwangwani cha 清真, qingzhen, kutanthauza halaal. Malo ogulitsa noodles za ng'ombe za ku Lanzhou amapezeka pafupifupi m'tauni iliyonse ya m'China, ndipo ambiri ndi a Asilamu. Ngati thupi lanu limadana ndi nkhanu kapena zina za m'nyanja, lembani zimenezo m'Chitchaina pa foni muzionetsa musanaitanitse.

Madzi a pampopi musamwe. Gulani a m'botolo. Wina akakuitanirani tiyi m'sitolo yake, ndi mwambo wa kuno, ndipo tiyi wake ndi Tieguanyin wa ku Anxi, dera la Quanzhou lomweli. Timakapu take ndi tating'ono ngati chivindikiro cha botolo. Paketi yaing'ono ya tiyi ameneyu ndi mphatso yabwino yopita nayo kumudzi, yopepuka ndipo sivuta pa chipata. Koma munthu wosamudziwa akakupezani pamsewu n'kukukakamizani kuti akuperekezeni kumalo omwera tiyi, kanani. Bilu ya kumeneko imakhala yoti simungaikwanitse.

Ngati ndege ndi ya mawa

Mabwalo ang'onoang'ono ambiri amatseka usiku ndege yomaliza ikatera, ndiye musadalire kugona pabenchi. Sungitsani chipinda pafupi ndi bwalo kudzera pa Trip.com, ndipo werengani ngati hoteloyo imalandira alendo akunja. Boma linanena mu 2024 kuti mahotela asamakane alendo, komabe ena ang'onoang'ono amabwezabe anthu chifukwa sadziwa kulembetsa pasipoti. Hotela ndi imene imakulembetsani kupolisi. Mukagona kwa mnzanu, muyenera kukalembetsa nokha pasanathe maola 24. Ngakhale masana, ngati chimene thupi likufuna ndi kusamba ndi tulo, funsani zhongdian fang, chipinda cholipira maola ochepa. Mapulagi a ku China ndi osiyana ndi athu a mano atatu amakona, ndiye adaputala ikhale m'chikwama cha m'manja. Pakagwa vuto, apolisi ndi 110, ambulansi ndi 120.

Gawo lomaliza: bwererani nthawi ikadalipo

Alamu ikalira, nyamukani, ngakhale mbale isanathe. Kuyambira cha m'ma 5 koloko madzulo milatho ya pakati pa Quanzhou ndi Jinjiang imadzaza ndi anthu oweruka kuntchito, ndipo kukagwa mvula magalimoto a DiDi amasowa. M'misewu ina ya mzinda wakale magalimoto salowa, choncho yendani kaye mufike pa msewu waukulu musanaitane.

Pa bwalo tengani katundu wanu, mupite pa kauntala yokhala ndi munthu. Makina odzilembetsa nokha nthawi zambiri amafuna chitupa cha nzika za China ndipo pasipoti amaikana. Kauntala imatseka mphindi 30 mpaka 45 ndege isananyamuke, ndipo ikatseka yatseka.

Pa chipata chofufuza anthu amasecha mosamala kuposa mmene tinazolowerera. Laita ndi machesi saloledwa konse, kaya m'thumba kaya m'sutikesi. Botolo la madzi mumalize kapena mukhuthule. Laputopu, ambulera ndi power bank muzitulutse m'chikwama. Za power bank mumvetsetse: kuyambira pa 28 June 2025, pa ndege za m'China salola power bank yopanda chizindikiro cha CCC (chosonyeza kuti China inaivomereza) chooneka bwino. Zambiri zimene timagula m'misika ya kwathu zilibe chizindikirochi, ndipo amalanda pomwepo. Yang'anani yanu musananyamuke. Ngati ilibe, gulani ina m'tauni muja, ndipo musaiike m'sutikesi yopita pansi pa ndege.

Mukadutsa, pezani geti yanu kaye musanakhale pansi, ndipo muziyang'ana chikwangwani pafupipafupi, chifukwa geti imasintha ndipo chilengezo cha Chingerezi chimabwera mochedwa kapena mosamveka. Pafupi ndi zimbudzi mupeza makina a madzi akumwa aulere, otentha ndi ofunda. Ngati muli ndi kapu kapena fulasiki, thiranimo masamba pang'ono a Tieguanyin uja, mudzaze madzi otentha, mukakhale pamene mukuona geti.